Mmene mungalembere chimangirizo chosanthula mawu okopa pa Chingerezi

Lachisanu lapitali ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi ndikuchonga mapepala a Fomu 4, poti mu ofesi simukhalika ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi, malata akangogwira dzuwa basi thukuta limachita kudonthera pa pepala la mwana. Ntchito yomwe ndinawapatsa inali yoti awerenge kalata yopita kwa mkonzi wa nyuzi kenako alembe chimangirizo chofotokoza mmene mwini kalatayo akugwiritsira ntchito mawu kuti akope owerenga. Nditafika pakati pa mulu wa mapepalawo mtima unandiwawa ndithu, chifukwa anawa ndi anzeru, ena Chingerezi chawo nchabwino kwabasi, koma ambiri anangondibwerezera zomwe kalatayo ikunena, ena nkuyamba kukangana naye wolembayo kuti akunama, asodzi alibe mlandu, vuto ndi boma. Funso silinafunse zimenezo. Nde ndati ndilembe pang'onopang'ono mmene ndimaphunzitsira, kuti nanunso amene muli m'masukulu ena, kaya ku Namwera, ku Makanjira kaya ku Monkey Bay, mupindule nawo, ndi inu achimwene ndi achemwali amene mumathandiza ana homuweki madzulo.

Chingerezi si phunziro loseweretsa, mukudziwa kale. Pa MSCE ukalakwa Chingerezi satifiketi palibe olo masamu utakhoza ndi 1, ndipo ku mayunivesite a boma amafuna makirediti 6 ndipo imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. Luso limeneli losanthula mawu a munthu wina ndi lomwelo limakupulumutsani pa comprehension akakufunsani kuti wolemba wasankhiranji liwu lakutilakuti, ndi pa literature pomwe.

Tisanapite patali, taganizirani mayi wogulitsa usipa pamsika wa pa Boma. Mukudutsa, iye nkukuwa: "Achimwene bwerani kuno, uwu wachoka ku Msaka usiku womwewu, ana anga omwe adyera womwewu masana, fulumirani watsala mulu umodzi." Inu a kunyanja mukudziwa bwino zomwe mayiyu akuchita. Wakutchulani achimwene kuti muchite manyazi kumudutsa ngati mlendo. Watchula Msaka chifukwa aliyense amadziwa kuti kumeneko ndi kugombe kwenikweni kwa asodzi. Wati ana ake adya womwewu kuti mumukhulupirire, poti palibe mayi angapatse mwana wake ndiwo zoola. Ndipo mulu umodzi wotsalawo ndi woti musapeze mpata woganiza kawiri. Zimene ndachita apazi ndiye kusanthula kumene tikunena. Onani kuti sindinanene ngati usipawo ndi wabwino kapena ayi, sindinanenenso ngati ine ndingagule. Ndangoonetsa mmene mawu ake akukugwirirani dzanja kukukokerani ku benchi yake. Chimangirizo chanu chikhale chotero, kungoti mu Chingerezi ndipo pa pepala.

Nayi kalata yomwe ndinapatsa ana anga. Ndinaipeka ndekha kuti tiziyeserera, msodzi wakeyo ndi wongoyerekeza, koma nkhani yopha nsomba ndi masikito neti ndi yeniyeni, tonse tinaionapo ndi maso:

"Dear Editor, I grew up on the shores of Lake Malombe, and for thirty years I have pulled nets with my own hands. My father brought home chambo as long as my arm. Today my son brings home a plate of fish too small to have a name. We did this. We took the nets that were given to protect our children from malaria and dragged them through the nursery of the lake. We are eating the seed. How long shall we blame the weather? How long shall we blame the government? Let us hand these nets to our beach committees before the rains come, and let the lake rest."

Choyamba werengani nkhani yonse cholembera chili pansi. Ndikunenetsa, chisiyeni pa desiki. Ana ambiri amayamba kudula mizere pa chiganizo choyamba asanadziwe komwe munthuyo akulowera, mapeto ake pepala lonse mizere yokhayokha. Werengani ngati mmene mumamvera munthu akuyankhula pa msonkhano wa kwa amfumu, kenako dzifunseni kuti nkhani yagona pati, ndipo munthuyu waima mbali iti. Ziwirizi ndi zosiyana ndipo apa mpamene ambiri amagwera. Nkhani ndi kutha kwa nsomba mu Malombe. Koma pomwe waima wolembayo ndi poti olakwa ndi asodzi eni ake ndipo akuyenera kupereka maukonde oletsedwawo ku makomiti a m'magombe. Mukangolemba kuti "the letter is about fishing" ndiye kuti simunanene kanthu. Yesani kulemba maganizo akewo m'chiganizo chimodzi cha mawu anuanu m'mphepete mwa pepala. Chikakukanikani, werenganinso, musapitirire.

Funso lotsatira ndi limene ine ndimalikonda kwambiri ndipo ndimataya nalo piriyodi yonse m'kalasi: munthuyu akuyankhula ndi ndani? Musayankhe kuti "everyone". Palibe munthu amayankhula ndi aliyense. Shehe pa Lachisanu amadziwa amene akhala pamphasa patsogolo pake, abusa Lamulungu chimodzimodzi, wandale akafika pa bwalo la mpira amasintha mawu malinga ndi mudzi. Mu kalata yathuyi onani kaliwu kakuti "we". Sakuti asodzi achita zakuti, akuti ife tachita. Ndiye kuti akuyankhula ndi asodzi anzake ndi mabanja a m'mphepete mwa nyanja, osati mabwana a ku Capital Hill ku Lilongwe. Mukadziwa zimenezi chimangirizo chonse chimapepuka, chifukwa pa liwu lililonse muzingofunsa kuti kodi msodzi wa ku Malombe akamva liwu ili mumtima mwake muchitika chiyani. Mwana amene sanapeze omvera enieni amangolemba "the reader" paliponse ngati kuti owerengayo alibe kwawo.

Mverani ndi kamvekedwe ka mawu, komwe pa Chingerezi amati tone. Kumayambiriro msodziyu akuyankhula mwachisoni, akukumbuka kale. Pofika pa "We did this" mawu auma, akudzudzula. Pa mafunso awiri aja watopa nazo, wakwiya pang'ono. Kumapeto wafatsanso, akupempha. Malo omwe mawu akusinthirawo ikani kachizindikiro ndi pensulo, chifukwa nthawi zambiri pamenepo mpamene mfundo ina yathera ina nkuyamba, nde ndime zanu zakonzeka kale musanayambe kulemba.

Tsopano tolani cholembera muwerenge kachiwiri, mukusaka zida zomwe wagwiritsa ntchito. Zambiri mwa izi munaziphunzira kale m'kalasi ya Chichewa, kungoti simunaziike pamodzi. Funso la chodziwadziwa ndi rhetorical question. Chibwereza ndi repetition. Chifanifani ndi simile. Kutchula chinthu ngati kuti ndi chinthu china pochifanizira ndi metaphor. Kukokomeza nkhani ndi exaggeration kapena hyperbole. Kankhani ka pa moyo wa munthu mwini, ngati ka bambo ake obweretsa chambo chachitali ngati mkono, ndi anecdote. Kunena kuti ife, tonse, athu ndi inclusive language. Palinso mawu atatu akalekale ochokera kwa Aristotle, katswiri wa ku Greece amene anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 BC. Iye anaona kuti munthu amakopa anzake m'njira zitatu: ethos, pomwe akuonetsa kuti iye ndi woyenera kumukhulupirira, pathos, pomwe akugwira mtima wa omvera, ndi logos, pomwe akubweretsa zifukwa ndi umboni woti mutu uvomereze. Zaka 30 zokoka khoka ndi manja ake ndi ethos imeneyo. Ana ogona opanda neti malungo ali pakhomo ndi pathos. Kuti ukapha tiana ta nsomba chaka chamawa sudzapeza zazikulu, imeneyo ndi logos.

Koma ana anga, mayina amenewa asakunamizeni. Pali ophunzira amene amaloweza mndandanda wonse nkumangoti apa pali metaphor, apa pali repetition, apa pali rhetorical question, ngati akuwerenga katundu mu golosale. Kutchula dzina la chida ndi kantchito kochepetsetsa pa zonse. Malikesi ali pofotokoza zomwe chidacho chikuchita kwa munthu amene akuwerenga. Ngati dzina mwaiwala koma mwafotokoza bwino mmene mawuwo akugwirira ntchito, ine ndikupatsani malikesi ambiri kuposa amene watchula mayina 10 osafotokoza kalikonse. Ndipo musatole zonse, sankhani zitatu kapena zinayi zomwe zanyamula katundu wolemera pa mfundo iliyonse, zinazo zisiyeni.

Mawu oyamba akhale afupi. Tchulani nkhani, mtundu wa cholembedwacho, wolemba ngati dzina lilipo, pomwe waima, omwe akuyankhula nawo ndi kamvekedwe kake, basi. Mwachitsanzo: "In a letter to the editor, a fisherman from Lake Malombe argues in a sorrowful but firm tone that lakeshore communities are themselves responsible for the decline of fish and must give up mosquito net fishing. He addresses fellow fishermen and their families." Ziganizo ziwiri zatha. Osayamba ndi mbiri ya dziko lapansi kapena kutanthauzira liwu loti persuasion, wochonga akulidziwa.

Thunthu la chimangirizo ndiye pali ntchito. Ndime zanu zitsatire mfundo za wolemba mmene zabwerera, osati ndime ya metaphor payokha, ya mafunso payokha ayi. Pa kalata yathuyi ndime yoyamba ikhale ya mmene akudzipezera chikhulupiriro ndi kuonetsa kusiyana kwa kale ndi lero, yachiwiri ya mmene akusenzetsera anthu akwawo mlandu, yachitatu ya mmene akutsekera pothawira nkuwauza chochita. Mu ndime iliyonse yankhani zinthu zitatu: wanena chiyani, wanena motani, ndipo akufuna omverawo amve bwanji kapena achite chiyani. Chachitatuchi ndi chimene chimasowa m'mapepala ambiri ndipo chikuyenera kutenga malo aakulu kuposa zinzake.

Tiyeni tione pafupi. Mwana wina analemba kuti: "The writer uses a metaphor, we are eating the seed. This makes the reader interested." Metaphor waipeza, zikomo, koma chiganizo chachiwiricho mungachimate pa nkhani ina iliyonse padziko pano ndipo chikwanira, nde chilibe phindu. Ndinamuitana nkumufunsa pa Chichewa kuti iwe, kwanu munthu akadya mbewu amakhala kuti wafika pati? Anayankha mosachedwa kuti aphunzitsi ndiye kuti njala yafika posauzana, chifukwa chimanga cha mbewu agogo amachipachika padenga pa utsi ndipo olo ana alire bwanji sachikhudza, wodya mbewu ndi munthu amene wagulitsa chaka chamawa kuti akhute lero, ndipo anthu amamunena. Ndinati basi, lemba zomwezo mu Chingerezi. Anabwera ndi izi: "By declaring that 'we are eating the seed', the writer compares young fish to the maize a family saves for planting. His readers, most of whom also farm, know that eating seed is a desperate and shameful act that destroys next year's harvest. The image therefore pushes them to see net fishing not as survival but as stealing from their own children." Mwaona kusiyana? Mwanayu sanaphunzire Chingerezi chatsopano pakati pa mapepala awiriwo, anangosiya kuopa kugwiritsa ntchito zomwe akudziwa za kwawo.

Chitani chimodzimodzi ndi liwu limodzilimodzi. Bwanji wati "nursery" pomwe akanatha kungoti malo osaya a m'mbali mwa nyanja? Chifukwa nursery ndi malo a makanda, ndipo waliika m'chiganizo chomwecho momwe muli ana athu ndi malungo, ndiye neti imodzi yomweyo yalanda ana a anthu chitetezo nkukaphanso ana a nsomba. Bwanji wati "dragged"? Liwu limeneli lili ndi nkhanza mkati, kukhwekhwereza chinthu mosasamala. Njira yosavuta yoyesera liwu ndi kulichotsa nkuikapo lina lozizira, kenako muone chomwe chatayika. Chomwe chatayikacho ndi chimene mulembe. Onaninso kutalika kwa ziganizo: "We did this" ndi mawu atatu okha akubwera pambuyo pa ziganizo zazitali zokumbuka kale, amagwa ngati mwala pa malata, ndipo poti wati "we" wadziika yekha pa mlandu, nde msodzi mnzake sangamunene kuti akutitukwana munthu wa mu ofesi amene sanakwerepo bwato.

Mafunso a chodziwadziwa aja musangoti "it makes the reader think". Aliyense amalemba zimenezo ndipo zimatopetsa kuchonga. Kuganiza chiyani? Wolembayo akudziwa kuti anthu akamakamba za kusowa kwa nsomba amaloza nyengo ndi boma, nde watenga zifukwa ziwirizo nkuziika patsogolo iye mwini asanazinene wina, ndipo kubwereza "how long" kukuonetsa kuti zifukwazo zakalamba. Wowerenga watsala opanda pobisala. Ndipo pomwepo ndi pamene akumupatsa chochita chooneka ndi maso, kupereka neti ku komiti ya pagombe mvula isanagwe, komanso "let the lake rest" akuitenga nyanja ngati munthu wotopa, zomwe zikugwirizana ndi zomwe asodzi akudziwa kale za nyengo yotseka nyanja kumapeto kwa chaka kuti nsomba ziswane.

Tinthu tina ta kalembedwe mwachangu. Mawu ogwidwa kuchokera mu nkhaniyo akhale afupi, liwu limodzi mpaka asanu, muwalowetse mkati mwa chiganizo chanu, osakopera ndime yonse. Lembani mu present tense, "the writer argues", osati "argued". Siyani "says" paliponse, muli ndi suggests, implies, warns, urges, accuses, reminds, appeals to, ndipo lililonse lili ndi tanthauzo lake nde sankhani loyenera. "I think" ndi "I agree" asapezeke. Musanenenso motsimikiza kuti owerenga onse akwiya kapena alira, inu simunawaone, nenani kuti wolemba akufuna kapena akuyesa kutero: "aims to", "is likely to", "invites readers to". Ngati nkhaniyo yabwera ndi chithunzi kapena katuni, musachidumphe, chipatseni ziganizo zingapo mu ndime yomwe chikugwirizana nayo, munene chomwe chaikidwa patsogolo, chomwe chachepetsedwa, nkhope za anthu zikuoneka bwanji.

Mathero ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena njira yonse yomwe wolembayo wayenda, kuti wayamba ndi kudzipezera chikhulupiriro, wadutsa pa manyazi, wathera pa chiyembekezo. Osabweretsa mfundo yatsopano, osapereka malangizo anu kwa asodzi.

Siyani mphindi 5 zowerenganso zomwe mwalemba, ndipo ife a kuno tili ndi malo athu omwe timapunthwa. Pa Chichewa ndi pa Chiyao pomwe sitisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, nde mwana amayamba ndi "he" pofika ndime yachitatu msodzi uja wasanduka "she". Yang'anani zimenezo. Yang'ananinso ka s ka pa verebu, "the writer uses" osati "the writer use", ndi l ndi r, chifukwa "leader" ndi "reader" ndi anthu awiri osiyana ndipo mu chimangirizo ichi liwu loti reader libwera kambirimbiri. Ngati mwapatsidwa ola limodzi, mphindi 15 zoyambirira zipite pa kuwerenga ndi kukonza pulani, musachite mantha kuona anzanu ayamba kale kulemba.

Zoyeserera sizisowa olo laibulale ya pasukulu panu ili yopanda mabuku. Nyuzi yakale yomwe akukulungirani zitumbuwa ili ndi tsamba la ndemanga ya mkonzi ndi makalata. Zotsatsa malonda za makampani a foni pa wailesi ndi mawu okopa okhaokha. Amene muli ndi foni ya intaneti sakani mawu omwe Martin Luther King Jr, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, anayankhula ku Washington pa 28 Ogasiti 1963, mumve mmene chibwereza chimanyamulira khamu la anthu. Kwathu konkuno, kalata ya maepiskopi a Katolika yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inagwedeza dziko mpaka tinafika pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, funsani aphunzitsi anu a History ngati angakupezereni, muone mmene anthu amasankhira mawu pa nthawi yomwe kuyankhula kunali koopsa.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Tengani chiganizo chija cha "a plate of fish too small to have a name", mukhale nacho pansi, muyambe mwachifotokozera mnzanu pa Chichewa kapena pa Chiyao kuti msodzi amene amadziwa dzina la nsomba iliyonse, chambo, kambuzi, utaka, mlamba, akamva kuti mwana wake wabweretsa nsomba zopanda dzina zimamukhudza bwanji. Mukamaliza kukambirana lembani ndime imodzi ya ziganizo zinayi mu Chingerezi, mukaonetse aphunzitsi anu Lolemba. A m'kalasi mwanga mubweretse m'makope anu a homuweki, ndidzayamba kuchonga nthawi ya buleki pansi pa mango paja.